Kuwoloka malire a mayiko a ku Ulaya pagalimoto: mageti anachotsedwa, malire adakalipo

Kuyambira pa 12 Okutobala 2025, mayiko 29 a ku Ulaya anayamba kujambula nkhope ndi kutenga zidindo za zala za alendo olowa pazipata zawo. Nkhaniyi yasokoneza anthu ambiri, makamaka amene anamva kale kuti kumeneko munthu amayendetsa galimoto kuchoka ku France mpaka ku Poland osaimitsidwa paliponse. Ndiye zoona ndi ziti, maboda alipo kapena kulibe? Zonse ziwiri n'zoona, ndipo amene amagwa m'mavuto ndi amene amadziwa mbali imodzi yokha.

Aliyense amene anayendapo pagalimoto kuchoka ku Blantyre kupita ku Joni amaidziwa ntchito ya pa boda. Pa Mwanza, pa Zobue, pa Nyamapanda ndi pa Beitbridge mumatsika, n'kukaima pawindo la a imigireshoni kuti adinde pasipoti, kenako pawindo la a kasitomu kuti aone katundu ndi kupereka chilolezo cha galimoto, kenako pawindo lachitatu n'kulipira inshuwaransi ndi ndalama za msewu. N'zotopetsa, koma pali ubwino umodzi: mukangotuluka pageti mumadziwa kuti zonse zili m'malo, chifukwa chikanasowa chinthu akanakubwezani. Ku Ulaya mawindo atatu aja sanathe, anangowamwaza. La pasipoti lili kwina, la katundu kwina, ndipo la galimoto m'malo ambiri linasanduka kamera yopachikidwa pamwamba pa msewu, imene sikufunsani kanthu koma imangowerenga nambala ya galimoto yanu.

Schengen ndi EU si chinthu chimodzi

Schengen ndi dzina la kamudzi ka ku Luxembourg, m'mbali mwa mtsinje wa Moselle, komwe mayiko asanu anasainirana pangano pa 14 Juni 1985 kuti asiye kufufuzana mapasipoti pamalire awo. Mayikowo anali France, West Germany, Belgium, Netherlands ndi Luxembourg, ndipo panganolo linayamba kugwira ntchito mu Marichi 1995. Lero dera la Schengen lili ndi mayiko 29. Pankhani ya pasipoti onsewo ali ngati dziko limodzi: amakufufuzani polowa, amakufufuzaninso potuluka, pakati ponsepo mumangoyenda. Croatia inalowa mu Januwale 2023, ndipo malire a pamtunda a Romania ndi Bulgaria anatseguka pa 1 Januwale 2025.

EU, kapena kuti European Union, ndi bungwe lina la mayiko 27, ndipo ndilo limayang'anira za kasitomu. Mayiko ambiri ali konsekonse, koma osati onse. Switzerland, Norway, Iceland ndi Liechtenstein ali mu Schengen koma sali mu EU. N'chifukwa chake mukamalowa mu Switzerland kuchokera ku Germany pa Basel, pasipoti yanu sidindidwa koma wa kasitomu angathe kukutsegulitsani buti. Ireland ndi Cyprus ali mu EU koma sali mu Schengen, choncho viza ya Schengen sikulowetsani ku Dublin, likulu la Ireland. Britain inatuluka mu EU mu Januwale 2020, ndipo mu Schengen sinalowemo n'kale lomwe. Serbia, Bosnia and Herzegovina, Montenegro, Albania, North Macedonia ndi Turkey ali kunja kwa zonse ziwiri, ndipo kumeneko boda ndi boda yeniyeni monga tikuidziwira kwathu.

Ngakhale mkati mwa Schengen, dziko lili ndi ufulu wobwezeretsa rodibuloko pamalire ake kwa kanthawi. France yakhala ikuchita zimenezi kuyambira mu Novembala 2015, ndipo Germany inayamba kufufuza pamalire ake onse a pamtunda pa 16 Seputembala 2024. Saimitsa galimoto iliyonse. Msewu amaupanikiza kukhala mzere umodzi, apolisi n'kumasankha oti apatuke. Akakusankhani amafuna pasipoti ya munthu aliyense amene ali m'galimotomo, ndiye kuisiya kuhotela chifukwa mwangopita kukadya nkhomaliro kutsidya n'kudziputira mlandu.

Viza ndi masiku 90

Mwini pasipoti ya Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe kapena South Africa amafunika viza kuti alowe mu Schengen. Chilolezo chokhalira ku Britain kapena ku Ireland sichichotsa lamuloli, chifukwa amayang'ana pasipoti, osati komwe mukukhala. Amene ali ndi pasipoti ya Britain safuna viza paulendo waufupi. Amene ali ndi chilolezo chokhalira m'dziko lina la Schengen, monga Germany kapena Norway, amayenda m'mayiko enawo atatenga pasipoti ndi khadi lake la chilolezocho.

Viza imodzi imakwanira mayiko onse 29, koma simusankha kazembe mwachisawawa. Mumapempha ku ofesi ya kazembe wa dziko limene mukakhaleko masiku ambiri. Ngati masiku ali ofanana, mumapempha ku dziko limene mukayambire kulowa. Munthu wochoka ku Dover, doko la ku Britain, amene akagone usiku umodzi ku France, uwiri ku Switzerland ndi masiku asanu ndi atatu ku Italy apemphe kwa kazembe wa Italy, ngakhale kuti woyamba kuona pasipoti yake adzakhala wapolisi wa ku France. Mtengo wa viza ndi mayuro 90 kwa wamkulu ndi mayuro 45 kwa mwana wa zaka 6 mpaka 11, osawerengera ndalama ya kampani yolandira mafomu. Pamafunika inshuwaransi ya kuchipatala yosachepera mayuro 30,000, pasipoti yopangidwa m'zaka 10 zapitazi, yomwe idzakhale ikugwirabe ntchito miyezi itatu kuchokera tsiku lotuluka. Fomu mungaipereke kutatsala miyezi isanu ndi umodzi, ndipo musachedwe kupyola masiku 15 ulendo usanachitike. Poti mulibe tikiti ya ndege, m'malo mwake mumaonetsa tikiti yowolokera nyanja, mapepala a galimoto, laisensi, ndi malo ogona a tsiku lililonse.

Viza ikatuluka, werengani mizere itatu. Woyamba umanena tsiku loyambira ndi lothera. Wachiwiri umanena chiwerengero cha masiku amene mwaloledwa kukhala, ndipo kawirikawiri ndi ochepa kuposa nthawi ya pamzere woyamba uja. Wachitatu ndi umene umagwetsa oyenda pagalimoto: chiwerengero cha maulendo olowa. Pakalembedwa 1, mukangotuluka mu Schengen viza yatha, ngakhale masiku atatsala ambiri. Kukwera phiri kupita ku Andorra, kadziko ka pakati pa France ndi Spain, kukagula zinthu n'kutuluka mu Schengen. Kudumphira ku Mostar, mzinda wa ku Bosnia and Herzegovina, kuchokera ku Croatia n'kutulukanso. Ngati njira yanu ikutuluka n'kulowanso, pamafunika 2 kapena mawu akuti MULT, omwe amatanthauza kulowa kambirimbiri, ndipo muyenera kufotokoza zimenezi popempha.

Lamulo la masiku limati mlendo asapitirire masiku 90 pa masiku 180 alionse, m'mayiko onse 29 pamodzi. Anthu ambiri amaganiza kuti ukatuluka n'kubwerera masiku amayambiranso. Sizitero. Tsiku lililonse limene muli mkatimo, werengani chobwerera m'mbuyo masiku 180 n'kuona kuti mwa amenewo ndi angati amene munali mu Schengen. Mwachitsanzo, mwalowa pa 1 Juni n'kutuluka pa 30 Julayi, amenewo ndi masiku 60, chifukwa tsiku lolowa ndi lotuluka onse amawerengedwa. Mukabwerera pa 1 Seputembala mwatsala ndi masiku 30 okha, ndipo pa 30 Seputembala muyenera kukhala mutatuluka. Kudutsa malire a France ndi Spain sikusintha kanthu pa chiwerengerochi.

Zidindo za zala zija

Dongosolo latsopanoli limatchedwa EES. Ntchito yake n'kulowa m'malo mwa chidindo cha inki cha m'pasipoti. Ulendo woyamba amajambula nkhope, kutenga zidindo za zala, ndi kulemba mu kompyuta tsiku ndi malo amene mwalowera. Ana osakwana zaka 12 satengedwa zidindo za zala. Linayamba pang'onopang'ono, ndipo anaika 10 Epulo 2026 kukhala tsiku loti likhale likugwira ntchito pazipata zonse. Limakhudza alendo a ulendo waufupi okha, kaya ali ndi viza kapena safuna viza. Okhala ndi chilolezo chokhalira m'dziko la Schengen silikuwakhudza.

Lamulo la masiku 90 silinasinthe. Chasintha n'chakuti kale wapolisi ankachita kutsegula masamba n'kumawerengera zidindo, zina zofufutika, pamene tsopano kompyuta imamuuza pompopompo kuti mwapitirira ndi masiku awiri. Zotsatira zake zimasiyana malinga ndi dziko, kuyambira chindapusa mpaka kuletsedwa kulowanso, ndipo mbiriyo imaoneka mukadzapempha viza ina. Kwa oyenda pagalimoto, kulembetsa koyamba kumadya nthawi chifukwa aliyense amalembetsa payekha, osati dalaivala yekha. Anakonzanso china chotchedwa ETIAS, chilolezo chopempha pa intaneti, koma chimenecho n'cha anthu osafuna viza monga eni mapasipoti a Britain. Wokhala ndi viza sichimukhudza.

Kuchoka ku Britain

Njira zodziwika ndi ziwiri. Sitima yapamtunda ya LeShuttle imanyamula magalimoto kuchoka ku Folkestone kudzera mumsewu wa njanji wapansi pa nyanja, wotalika pafupifupi makilomita 50, ndipo imatenga mphindi 35 kufika ku Calais. Simutsika m'galimoto. Magalimoto oyendera gasi wa LPG saloledwa. Njira ina ndi sitima yapamadzi yochoka ku Dover, yomwe imatenga pafupifupi ola ndi theka kufika ku Calais kapena maola awiri kufika ku Dunkirk.

Chodabwitsa kwa oyamba kumene n'chakuti boda ya France ili tsidya la Britain. Apolisi a ku France amakhala ku Dover ndi ku Folkestone, ndipo amakufufuzani musanakwere. Pobwerera, a ku Britain amakudikirirani ku Calais. Choncho mukatsika tsidya linalo palibenso geti, mumangotulukira mumsewu waukulu, ndipo apa m'pamene pali ngozi yeniyeni: kuyambira pamenepo mukuyenda kumanja. Ku Ulaya mayiko oyenda kumanzere ngati kwathu ndi Britain, Ireland, Malta ndi Cyprus basi. Pamsewu wodzaza magalimoto simulakwitsa chifukwa mumangotsatira anzanu. Kulakwitsa kumabwera m'mawa potuluka pamalo ogona, kapena pochoka pomwetsera mafuta msewu uli zii, dzanja likabwerera ku chizolowezi. Pa raundabauti mumazungulira mosemphana ndi mivi ya wotchi, ndipo magalimoto oti muwapatse mpata amachokera kumanzere kwanu.

Nyali za galimoto ya chiwongolero cha kumanja zimawalira chakumanzere, ndiye mukamayenda kumanja zimathobwa m'maso obwera kutsogolo. Pali timapepala tomata pagalasi la nyali, ndipo magalimoto ena atsopano amasinthidwa pa dashibodi. Kumbuyo kwa galimoto kumafunika chizindikiro cha UK, chomwe chinalowa m'malo mwa GB mu Seputembala 2021. Ngati zilembo za UK ndi mbendera zili kale panambala, sitika siifunika, kupatula ku Spain, Cyprus ndi Malta komwe amaifunabe.

Malire a Northern Ireland ndi Ireland alibe geti ngakhale limodzi, mumangoona zikwangwani za liwiro zasintha kuchoka ku mamailosi kupita ku makilomita. Koma ufulu woyenda momasuka pakati pa mayiko awiriwa ndi wa nzika za Britain ndi Ireland. Ngati pasipoti yanu imafuna viza ya dziko linalo, kusowa kwa geti sikukukhululukirani.

Mapepala a galimoto

Zofunika ndi zitatu: laisensi, bulubuku ndi inshuwaransi, zonse zenizeni osati zafotokope. Ku Britain bulubuku imatchedwa V5C. Ngati galimoto ndi yahaya kapena yapangongole ya kampani ndipo V5C ili kwa eni ake, pemphani chikalata chotchedwa VE103. Ngati ndi ya mbale wanu, tengani kalata yosainidwa yoti wakulolezani, pamodzi ndi bulubuku. Mkati mwa EU mwina palibe amene angaifunse, koma pa boda ya Serbia kapena Turkey dzina la pabulubuku likasiyana ndi la papasipoti, ulendo ungathere pomwepo.

Laisensi ya pulasitiki ya ku Britain imagwira ntchito yokha m'mayiko a EU, Switzerland ndi Norway. Wokhala ndi laisensi ya Malawi kapena ya dziko lina la ku Africa atengenso International Driving Permit, kabuku komasulira laisensi m'zinenero zingapo. Kabukuka si laisensi pakokha, ndipo popanda laisensi yeniyeni n'kopanda ntchito. Kamatengedwa kudziko limene linapereka laisensiyo, ndiye simungakapeze muli kale paulendo. Kalipo ka mitundu iwiri yodziwika, ka pangano la 1949 kogwira ntchito chaka chimodzi ndi ka pangano la 1968 kofika zaka zitatu, ndipo mayiko amasiyana pa kamene amalandira.

Amene amadziwa Yellow Card ya COMESA savutika kumvetsa Green Card ya ku Ulaya. Ndi umboni woti inshuwaransi yanu ilipira munthu amene mwamugunda kudziko lina. Galimoto yolembetsedwa mu EU kapena ku Britain siifunika khadili m'mayiko a EU, Switzerland, Norway, Serbia ndi ena ochepa, chifukwa nambala ya galimoto payokha imatengedwa ngati umboni. Ku Albania, North Macedonia ndi Turkey amalifuna, ndipo zilembo za dzikolo zisakhale zokhwatchidwa pakhadipo. Kosovo sili m'dongosololi, choncho inshuwaransi mumagula pa boda ngati mmene zimakhalira pa Zobue. Dziwaninso kuti inshuwaransi yolipira chilichonse kwanu ingatsike n'kumangolipira wogundidwa yekha mukawoloka nyanja, kapena ingakhale ndi malire a masiku. Funsani kampani yanu, ndipo yankho likhale lolembedwa.

Galimoto yahaya ili ndi malamulo akeake. Muyenera kutchula mayiko onse amene mupiteko musanasaine. Makampani ambiri amalipiritsa ndalama yowolokera malire, ndipo ena amaletsa magalimoto odula kupita kumayiko ena a kum'mawa ndi kum'mwera chakum'mawa. Mukapita kumalo oletsedwa inshuwaransi imafa, ndipo galimoto ikabedwa kapena kuwonongeka mtolo wonse ndi wanu. Kubweza galimoto kudziko lina losiyana ndi kumene munaitenga kumadula kwambiri, nthawi zina kuposa haya yeniyeniyo.

Pali msampha wina wosadziwika kwenikweni. Galimoto ya nambala yakunja kwa EU imaloledwa kukhala mu EU mpaka miyezi isanu ndi umodzi osalipira msonkho, malinga ngati ikugwiritsidwa ntchito ndi mlendo. Mukabwereketsa galimoto ya nambala ya UK kwa msuweni wanu wokhala ku Berlin kuti azikayenda nayo yekha, a kasitomu angaitenge ngati yalowetsedwa m'dziko ndipo angafune msonkho wake.

Kulipira msewu

Apa m'pamene ndalama zambiri zimathera mosayembekezera, chifukwa dziko lililonse lili ndi njira yake. Ku Germany, Belgium, Netherlands ndi Luxembourg magalimoto ang'onoang'ono salipira pamisewu ikuluikulu, kupatula pamisewu yapansi ingapo. Ku France, Italy, Croatia ndi mbali zina za Spain kuli matolugeti. Amasiyana ndi a pa Chingeni ndi pa Kalinyeke chifukwa m'malo ambiri mumatenga tikiti polowa n'kulipira potuluka malinga ndi mtunda. Tikiti ikatayika angakulipiritseni ngati mwachokera koyambirira kwa msewu. Pewani mizere ya anthu okhala ndi kachipangizo kolipirira: ku France ili ndi chilembo cha t cha mtundu wa lalanje, ku Italy ndi yachikasu yolembedwa Telepass. Ngati galimoto yanu ndi ya chiwongolero cha kumanja, makina olipirira amakhala mbali ya pasenjala. Woyenda yekha amachita kumasula lamba n'kudzikoka kudutsa mpando, magalimoto akumbuyo akuimba mabelu.

Misewu ina ilibenso geti. Pamsewu wa A13 pakati pa Paris ndi Normandy makamera amawerenga nambala ndipo mumapatsidwa maola 72 kuti mulipire pa intaneti kapena m'mashopu ovomerezeka. Ku Norway ndi misewu ina ya ku Portugal nakonso n'zamakamera. Kudutsa osaona polipirira sikutanthauza kuti msewu ndi waulere.

Njira yachitatu ndi vignette, kutanthauza chilolezo cholipiriratu cha masiku, chomwe kale chinali sitika yomata pagalasi ndipo tsopano m'mayiko ambiri chimangolembedwa mu kompyuta pa nambala ya galimoto. Chimafunika ku Switzerland, Austria, Slovenia, Czechia, Slovakia, Hungary, Romania ndi Bulgaria, ndipo muyenera kukhala nacho musanaponde msewu waukulu, osati mutafika pomwetsera mafuta poyamba. Ku Switzerland kuli ya chaka yokha, ya mafranki 40, yogwira ntchito kuyambira 1 Disembala chaka chapitacho mpaka 31 Januwale chaka chotsatira. Ngakhale mukungodutsa maola atatu kupita ku Milan mtengo ndi womwewo, ngolo yokoka imafuna yakeyake, ndipo wopezeka alibe amalipira mafranki 200 kuphatikizapo mtengo wa vignette. Chotonthoza n'chakuti msewu wapansi pa phiri wa Gotthard, wa makilomita pafupifupi 17, uli momwemo.

Ku Austria ilipo ya tsiku limodzi, ya masiku 10, ya miyezi iwiri ndi ya chaka. Ya miyezi iwiri ndi ya chaka mukagula pa intaneti ngati munthu wamba imayamba kugwira ntchito patatha masiku 18, chifukwa lamulo limapatsa wogula nthawi yosintha maganizo. Ambiri amagula usiku, m'mawa n'kulowa mumsewu ali ndi lisiti m'manja koma chilolezo chisanayambe. Ya tsiku limodzi ndi ya masiku 10 zingayambe pompo. Komanso vignette ya ku Austria siphatikiza njira zina za m'mapiri monga Brenner yopita ku Italy ndi Karawanken yopita ku Slovenia, zomwe zimalipidwa padera. Ku Slovenia amayeza kutalika kwa galimoto pamwamba pa matayala akutsogolo, ndipo ikapitirira mamita 1.3, monga maveni ambiri, imagwera m'gulu lodula.

Cholakwika chofala kwambiri n'chaching'ono: kulemba chilembo O m'malo mwa 0, kapena kusankha dziko lolakwika pafomu. Kamera ikawerenga nambala n'kusapeza yofanana nayo ndendende, ndiye kuti simunalipire. Chenjeraninso ndi masamba a pa intaneti ogulitsa mavignette pamtengo wowonjezera. Gulani patsamba la bungwe loyang'anira misewu la dzikolo kapena pamalo omwetsera mafuta musanafike pamalire.

Kulowa m'mizinda

Mizinda yambiri imaletsa magalimoto otulutsa utsi wambiri. Ku Germany, mizinda monga Berlin, Cologne ndi Munich imafuna sitika yobiriwira yotchedwa Umweltplakette, ngakhale galimoto ikhale yatsopano, ndipo wopanda sitikayo amalipira mayuro 100. Ku France sitika yake ndi Crit'Air, imaitanitsidwa patsamba la boma ndipo imabwera papositi, ndiye iitanitseni kudakali milungu. Ku Brussels, Antwerp ndi Ghent kulibe sitika, koma magalimoto ambiri akunja amayenera kulembetsedwa pa intaneti.

Ku Italy vuto ndi lina. Pakati pa mizinda yakale monga Florence, Pisa ndi Rome pali madera otchedwa ZTL, kumene magalimoto opanda chilolezo saloledwa pa maola ena. Chikwangwani chake ndi bwalo loyera lozunguliridwa ndi mzere wofiira, ndipo kamera ili pamwamba pake. Kulowa kulikonse ndi mlandu pawokha, choncho munthu wosochera amene wazungulira katatu kufunafuna hotela walakwa katatu. Ngati hotela yanu ili mkati mwa deralo, auzeni nambala ya galimoto kuti akulembetseni. Kalata ya chindapusa imafika kunyumba patapita miyezi, ndipo ngati galimoto inali yahaya, kampani imadulanso ndalama yake pakhadi lanu chifukwa chopereka dzina lanu kwa apolisi.

Zimene zili m'buti

Pakati pa mayiko a EU katundu wogwiritsa ntchito nokha amadutsa popanda msonkho. Polowa mu EU kuchokera kunja, ngakhale kuchokera ku Britain, nyama ndi zamkaka n'zoletsedwa, ngakhale zili mu kamba wa paulendo. Kuyambira mu Epulo 2025 Britain nayo inaletsa apaulendo kubweretsa tchizi, mkaka ndi nyama ya ng'ombe, nkhumba, nkhosa ndi mbuzi kuchokera ku EU poopa matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi a ziweto. Ku Switzerland munthu mmodzi amaloledwa kilogalamu imodzi ya nyama popanda msonkho, ndipo kuyambira Januwale 2025 katundu wogula kunja woposa mafranki 150 pa munthu patsiku amalipiridwa msonkho. Ndalama zapamanja zokwana mayuro 10,000 kapena kuposerapo ziyenera kuululidwa polowa ndi potuluka mu EU. Si mlandu kukhala nazo, mlandu ndi kusanena.

Mwana akamayenda ndi kholo limodzi kapena ndi achibale, tengani kalata ya kholo linalo ndi setifiketi yakubadwa, makamaka ngati mayina a bambo akusiyana.

Malamulo amasintha pachikwangwani

Pamalire alionse pamakhala chikwangwani chachikulu chosonyeza liwiro la m'tauni, la kunja kwa tauni ndi la pamsewu waukulu. Chiwerengeni, chifukwa mwina sachibwerezanso. Pamsewu waukulu France, Italy ndi Austria amalola makilomita 130 pa ola, koma ku France ndi ku Italy mvula ikamagwa amatsika kufika 110. Switzerland, Belgium ndi Spain ndi 120. Ku Netherlands masana ndi 100 m'misewu yambiri. Ku Germany zigawo zina za misewu ikuluikulu yotchedwa autobahn zilibe malire a liwiro, ngakhale boma limalangiza 130. Ku France ndi ku Germany chikwangwani cha dzina la mudzi pachokha chimatanthauza 50, popanda nambala iliyonse. Wokhala ndi galimoto yowerenga mamailosi akumbukire kuti 50 ndi mamailosi 31 ndipo 130 ndi 81.

Mowa wololedwa m'magazi m'mayiko ambiri ndi magalamu 0.5 pa lita, wotsika kuposa 0.8 wa ku England. Ku Poland, Sweden ndi Norway ndi 0.2, ndipo ku Czechia, Slovakia, Hungary ndi Romania ndi ziro. Ku France ndi ku Belgium, pamphambano yopanda zikwangwani wochokera kumanja ndiye amayamba, ngakhale akutuluka m'kamsewu kakang'ono. Ku Germany ndi ku Austria magalimoto akangoyamba kuthithikana pamsewu waukulu, a mumzere wakumanzere kwenikweni amakhotera kumanzere, ena onse kumanja, kuti pakati patsale njira ya ambulansi. Zipangizo zochenjeza za makamera a liwiro n'zoletsedwa ku France, Germany ndi Switzerland.

M'galimoto mukhale thirayango, bokosi la chithandizo choyamba, ndi majekete onyezimira okwanira aliyense, oikidwa mkati osati m'buti, chifukwa muyenera kuvala musanatsike. M'nyengo yozizira Austria imafuna matayala a chisanu kuyambira 1 Novembala mpaka 15 Epulo msewu ukakhala ndi chipale chofewa kapena madzi oundana. Germany siika masiku koma imayang'ana nyengo, ndipo tayala liyenera kukhala ndi chizindikiro cha phiri la nsonga zitatu.

Pomwetsa mafuta musadalire dzina. Gazole ku France, gasolio ku Italy ndi gasóleo ku Spain ndi ku Portugal zonsezi ndi dizilo, ngakhale zikumveka ngati petulo. Yang'anani chizindikiro pampopi: petulo ali m'bwalo lolembedwa E5 kapena E10, dizilo ali m'bokosi la makona anayi lolembedwa B7. Foni ya SIM ya mu EU imagwira ntchito pamtengo wa kwawo m'mayiko onse a EU komanso ku Norway, Iceland ndi Liechtenstein, koma Switzerland ndi mayiko ambiri a ku Balkans, monga Serbia ndi Albania, sali m'lamulolo, ndipo mapu a pafoni angadye ndalama zambiri pa ola limodzi. Pangozi nambala ndi 112 paliponse mu EU.

Kumene mageti adakalipo

Kum'mwera chakum'mawa mawindo atatu aja amabwereranso pamalo amodzi. Pa Röszke ndi Horgoš pakati pa Hungary ndi Serbia, kapena pa Kapitan Andreevo ndi Kapıkule pakati pa Bulgaria ndi Turkey, mumaima kawiri, potuluka ndi polowa, ndipo amafuna pasipoti, bulubuku ndi inshuwaransi. Mu Julayi ndi Ogasiti, pamene anthu ogwira ntchito ku Germany ndi ku Austria akupita kwawo kutchuthi, mizere imatenga maola ambiri, makamaka kumapeto kwa sabata. Maboda ang'onoang'ono apafupi amaoneka okopa pamapu, koma ena satsegula usiku ndipo ena salandira mapasipoti a mayiko onse. Mayiko ena a kuderali amalola kulowa munthu wokhala ndi viza ya Schengen ya MULT, koma lililonse lili ndi zofuna zake, ndiye fufuzani dziko ndi dziko musananyamuke.

Msewu wa m'mbali mwa nyanja wochoka ku Split kupita ku Dubrovnik, mizinda yonse iwiri ya ku Croatia, umadutsa makilomita pafupifupi 9 a dziko la Bosnia and Herzegovina pa tauni ya Neum. Kudzera pamenepo n'kutuluka mu Schengen n'kulowanso patangopita mphindi zochepa, ndipo wa viza yolowera kamodzi amatsekeredwa kunja pamene hotela yake ili kutsogolo. Kuyambira mu Julayi 2022 pali mlatho wa Pelješac umene umalambalala Neum osachoka mu Croatia. Mapu a pafoni angathe kukutsogolerani njira yakale ija akaona kuti ndi yachidule, choncho mukadutsa Ploče tsatirani zikwangwani za mlatho.